Mlandu Suola: Zimene Ndinaphunzira kwa Ayuda pa Nkhani ya Kulapa

Zaka zimene ndinkakhala ku Johannesburg ndinkagwira ntchito yoyendetsa galimoto ndi kusamalira pabwalo kwa bambo ena achikulire a Chiyuda ku Glenhazel, dera limene Ayuda ambiri osunga mwambo amakhala moyandikana kuti pa Sabata azitha kupita kusunagoge wapansi. Makolo awo anachokera ku Lithuania, monga anachokera makolo a Ayuda ambiri a ku South Africa. Tsiku lina mu Juni ndalama zinasowa m'nyumbamo, ndipo bambowo anandifunsa pamaso pa alendo awiri, ndi mawu amene aliyense anamva kuti akunditcha wakuba ngakhale liwulo silinatuluke. Patapita masiku atatu ndalamazo zinapezeka m'thumba la jekete lawo. Anangondiuza kuti zapezeka, osawonjezera kanthu, ndipo ine, pokhala waganyu m'dziko la eni, ndinameza mate n'kupitiriza ntchito.

Kumapeto kwa Seputembala chaka chomwecho, ndikuthirira maluwa m'mawa, ndinangoona bambo aja akubwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo mpaka kudzaima pafupi nane. Anati, "Mu Juni ndinakuganizirani zakuba, ndipo ndinakuchititsani manyazi pamaso pa anthu. Ndinalakwa. Anthu awiri aja ndawaimbira foni kuwauza kuti ndalamazo ndinaziiwala ndekha m'jekete. Ndabwera kudzapempha kuti mundikhululukire." Ine ndinayankha monga timayankhira tonsefe munthu wamkulu akadzichepetsa pamaso pathu, ndinati, "Palibe kanthu, bwana, zinatha kale zimenezo." Iwo anapukusa mutu nati, "Kanthu kalipo, n'chifukwa chake ndaima pano." Sanachoke mpaka nditanena ndi pakamwa panga kuti ndawakhululukira. Patapita masiku awiri linafika tsiku la Yom Kippur, limene Baibulo lathu limalitcha tsiku la chitetezero, ndipo m'misewu munadzaza anthu oyenda wapansi, ambiri atavala zoyera ndi nsapato zansalu.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsa, poyamba kwa iwo eni tikakhala m'galimoto popita kuchipatala, kenaka m'mabuku amene anandibwereka. Ine ndine Mkhristu wokulira m'Sande sukulu, ndipo Levitiko ndinkamudziwa ngati buku limene munthu amalilumpha pothamangira nkhani za Yoswa ndi Samsoni. Ndikulemba izi monga munthu amene chiphunzitso cha eni ake chinamupeza ndi mlandu umene ankaganiza kuti anaukwirira kalekale.

Liwu la Chiheberi limene timalimasulira kuti kulapa ndi teshuva, ndipo tanthauzo lake lenileni ndi kubwerera. Ife tikati kulapa, maganizo amathamangira kumisozi ndi kuguwa, pamene liwu lawoli likunena za miyendo, za munthu amene wazindikira kuti njira waiphonya ndipo akutembenuka kuti akayambirenso pamphambano pamene anasocherera. Tsinde la liwuli likubwerezedwa kangapo m'Deuteronomo 30, chaputala chimene chimawerengedwa m'masunagoge pa Sabata lotsiriza la chaka chawo, ndipo m'menemo ndi mmene muli mawu akuti lamulo ili silili kumwamba kapena kutsidya kwa nyanja, koma lili pafupi, m'kamwa mwako ndi mumtima mwako. Nachmanides, mphunzitsi wa Chiyuda wa ku Girona ku Spain, wa m'zaka za m'ma 1200, ankati lamulo limene likunenedwa pamenepo ndi la kubwerera lomweli.

Kubwereraku anakuikira nyengo yake. Mwezi wonse wa Elul ndi wokonzekera, ndipo m'masunagoge a Ayuda ochokera ku Ulaya amaliza shofar, lipenga la nyanga ya nkhosa yamphongo, m'mawa uliwonse kupatula pa Sabata ndi pa tsiku lomaliza la mweziwo. Kenaka umabwera mwezi wa Tishrei, umene Levitiko 23 amauwerenga wachisanu ndi chiwiri ngakhale ndiwo umatsegula chaka. Masiku ake awiri oyamba ndi Rosh Hashana, kutanthauza mutu wa chaka, pamene amadya maapozi oviika mu uchi ndi kufunirana kuti alembedwe m'buku la chaka chabwino. Talmud, buku lalikulu la zokambirana za aphunzitsi akale a Chiyuda, imati pa tsikuli amatsegulidwa mabuku atatu, la olungama kotheratu, la oipa kotheratu, ndi la apakati, ndipo mlandu wa apakatiwo umaimikidwa mpaka Yom Kippur, pa 10 mwezi womwewo. Sindinakumanepo ndi munthu amene anadziika m'buku loyamba. Masiku 10 amenewa ndiwo ankapangitsa foni ya m'nyumba muja kulira kosalekeza, abale a ku Cape Town, ku London ndi ku Israel akupepesana pa zinthu zimene ena anali ataziiwala kale.

Amene anawerenga Levitiko 16 akukumbukira mmene tsikuli linkachitikira kale. Mkulu wa ansembe ankalowa m'malo opatulikitsa kamodzi kokha pachaka, ankachita maere pa mbuzi ziwiri, imodzi n'kuperekedwa nsembe, inayo n'kusenzetsedwa zolakwa za anthu ndi kuthamangitsidwira kuchipululu kwa Azazele. Koma mu 70 AD Aroma anagwetsa Kachisi wa ku Yerusalemu, ndipo kuchokera apo kunalibenso guwa, kunalibenso mbuzi. Pali nkhani yakale yoti Rabi Yehoshua, poona mabwinja a Kachisiyo, analira kuti malo otetezera machimo a Israeli awonongeka, ndipo mphunzitsi wake Yohanan ben Zakkai anamuyankha kuti asadandaule, pakuti chilipo china chotetezera mofanana, ndicho ntchito zachifundo, natchula Hoseya 6:6, pamene Mulungu akuti akondwera nacho chifundo, si nsembe ayi. Hoseya yemweyo, m'chaputala 14 chimene amawerenga pa Sabata la pakati pa Rosh Hashana ndi Yom Kippur, akuuza Israeli kuti atenge mawu ndi kubwerera. Anthu amene analandidwa guwa anatsala ndi mawu, ndipo chifukwa chakuti mawu ndi osavuta kuwanamizira, aphunzitsi awo anawamangira mpanda wolimba kwambiri.

Nsanamira ya mpandawo ili m'Mishna, buku la malamulo amene ankaphunzitsidwa pakamwa ndipo anasonkhanitsidwa cha m'ma 200 AD motsogozedwa ndi Rabi Yehuda HaNasi. Kumapeto kwa gawo lotchedwa Yoma muli chiganizo chimene chinatulutsa bambo aja m'nyumba ndi ndodo yawo. Chimati zolakwa za pakati pa munthu ndi Mulungu, Yom Kippur imazitetezera, koma zolakwa za pakati pa munthu ndi mnzake, Yom Kippur siizitetezera mpaka wolakwayo atapepesa mnzakeyo ndi kumukhazika mtima pansi. Rabi Elazar ben Azarya anachitenga pa Levitiko 16:30, pamene akuti mudzayeretsedwa ku zochimwa zanu zonse pamaso pa Yehova, ndipo iye anawerenga kuti zimene zikuyeretsedwazo ndi zochimwa za pamaso pa Mulungu, osati za pamaso pa mnansi. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu angasale kudya maola 25, angadzigugude pachifuwa tsiku lonse, koma ngati anaba mbuzi ya mnzake kapena kumuipitsira mbiri, Mulungu amamubweza pakhomo kuti mlandu wapita nawo kubwalo lolakwika. Malo omwewo akunenanso kuti amene amati ndichimwa kenaka ndilapa, ndichimwanso kenaka ndilapanso, sapatsidwa mpata wolapa.

Amene anasanja bwino nkhani yonseyi ndi Maimonides, amene Ayuda amamutcha Rambam, wobadwira ku Córdoba ku Spain, amene anakakhala sing'anga ku Egypt ndi kumwalirako mu 1204. M'buku lake lalikulu la malamulo, Mishneh Torah, muli machaputala 10 a malamulo a kulapa, ndipo munthu akamawawerenga amamva dzanja la sing'anga, losanyengerera chilonda. Iye akuti wolapa asiye tchimolo, alichotse m'maganizo, atsimikize mumtima kuti sadzalichitanso, amve chisoni pa zimene zinachitika, ndipo aulule ndi milomo yake. Kuululako kumapita kwa Mulungu mwachindunji popanda wansembe pakati, koma pa zolakwira anthu iye akuyamikira amene aulula poyera, kunena kuti uje ndinamuchita chakutichakuti. Amene aulula ndi pakamwa koma mtima usanasiye akufanizidwa ndi munthu amene walowa m'dziwe loyeretsera atafumbata buluzi wakufa m'dzanja, amene madzi sangamuyeretse mpaka atataya chimene wafumbatacho.

Funso limene iye akuliyankha mosapsatira ndi lakuti kulapa kwathunthu kumadziwika bwanji. Akuti ndi pamene munthu wapezekanso pamalo omwe aja, ndi mpata womwe uja, mphamvu akadali nazo, chilakolako chikadalipo, koma waleka, osati chifukwa cha mantha kapena kufooka kwa thupi. Chitsanzo chake ndi cha mwamuna amene anachimwa ndi mkazi wina, n'kudzapezekanso naye awiriwiri m'mudzi womwewo akumukondabe, koma n'kudziletsa. Amene walapa atakalamba, mphamvu zitatha, akuti walapabe ndipo alandiridwa, ngakhale si kulapa kwapamwamba. Aphunzitsi ambiri amaona chithunzi cha zimenezi mwa Yuda pa Genesis 44. Munthu amene anapereka maganizo ogulitsa Yosefe akupezekanso ndi mwana wina wa Rakele, wokondedwa wa bambo ake, ali pafupi kutengedwa ukapolo ku Igupto, ndipo ulendo uno akupempha kuti atsale ndiye m'malo mwa mnyamatayo.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi chakuti lamuloli limamanganso wolakwiridwa. Wolakwa abweze chimene anatenga, kenaka apepese, pakuti kubweza kokha sikukwanira. Mnzakeyo akakana, abwere ndi anthu atatu kudzamupepesera, akakananso abwerenso kachiwiri ndi kachitatu. Akakanabe, wolakwayo wamasuka, ndipo tchimo latsala ndi wokana kukhululukayo, kupatula ngati wolakwiridwayo ndi mphunzitsi wake, pamenepo apite ngakhale maulendo 1,000. Maimonides akuti n'koletsedwa kukhala wankhanza wosapepeseka, ndiponso ndi tchimo lalikulu kukumbutsa wolapa zimene ankachita kale. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene bambo aja anakanira yankho langa lakuti palibe kanthu. Kunena kuti palibe kanthu kumaoneka ulemu, koma kumamulanda wopepesayo chimene wabwerera, ndipo nthawi zambiri amene wanenayo amapita nako kanthuko kunyumba kukakasunga.

Talmud ili ndi nkhani ina imene mpaka lero siinandikhazikike. Rav, mphunzitsi wamkulu wa ku Babulo wa m'zaka za m'ma 200, analakwiridwa ndi munthu wina wopha nyama, ndipo munthuyo sanabwere kudzapepesa. Litayandikira tsiku la chitetezero, Rav anaganiza zopita yekha kuti akamupatse mpata. Panjira anakumana ndi wophunzira wake Rav Huna, amene atamva kumene akupita anati mphunzitsiyo akupita kukapha munthu. Rav anakaima pamaso pa wopha nyamayo, amene anali kuswa mutu wa nyama, ndipo munthuyo anadzutsa maso nauza Rav kuti achoke, alibe naye mawu. Pomwepo fupa linathethuka, linamenya wopha nyamayo pakhosi, nafa. Ambiri amaiwerenga ngati chenjezo kwa ouma mtima, ndipo mwina ndi momwemo. Koma ine mawu a Rav Huna amandilankhula kwambiri, chifukwa ndinaonapo anthu akupita kukayanjana ndi anzawo mwa njira yoti mnzawoyo achite manyazi pagulu, ndipo olemba Talmud sanachotse mawu a wophunzirayo ngakhale akukhudza mphunzitsi wolemekezeka.

Tsiku lenilenilo limayamba madzulo dzuwa lisanalowe ndi pemphero la Kol Nidre, la m'Chiaramu, lomasula malumbiro amene munthu anachita kwa Mulungu n'kulephera kuwasunga, ndipo aphunzitsi amanenetsa kuti silikhudza ngongole kapena pangano la pakati pa anthu. Sadya, samwa, sasamba, sadzola, savala nsapato zachikopa, ndipo okwatirana sakhalira limodzi, koma wodwala amene moyo wake ungakhale pangozi amalamulidwa kudya. Kuulula kumachitika mobwerezabwereza ndiponso mochulukitsa, motsatira zilembo za Chiheberi kuyambira alef mpaka tav: talakwa, tachita zachinyengo, taba, tanena zamiseche. Rabi ndi wamalonda, woba ndi wobedwa, onse amanena mawu omwewo akudzigunda pachifuwa, kotero kuti amene anachitadi chinthucho atha kuchitchula mokweza popanda kulozedwa chala. M'mawa, anthu njala itayamba kuwaluma, amawawerengera Yesaya 58, pamene mneneri akunyoza kusala kudya kwa anthu opondereza antchito awo, nati kusala kumene Mulungu akufuna ndiko kumasula nsinga zoipa ndi kugawana chakudya ndi anjala. Monga wantchito wa m'nyumba ya Myuda, ndime imeneyi ndinaiwerenga kangapo. Masana amawerenga buku lonse la Yona, ndipo madzulo amatseka ndi pemphero la Neila, la kutsekedwa kwa zipata, lipenga n'kulira kamodzi kotalika.

Pa Yona m'pamene nkhaniyi inandifikira pakhomo. Mishna ikuti za anthu a ku Nineve sikunalembedwe kuti Mulungu anaona ziguduli zawo ndi kusala kwawo, koma kuti anaona ntchito zawo, kuti anabwerera kuleka njira yawo yoipa. Pa mawu a Yona 3:8 onena za chiwawa chimene chinali m'manja mwawo, mphunzitsi Shmuel anati ngakhale amene anaba mtanda wa denga n'kuumangira m'nyumba yaikulu ankagumula nyumba yonseyo kuti abweze mtandawo kwa mwini wake. Pa lamulo lenileni la nkhani yotere, ophunzira a mphunzitsi wakale Shammai ankati nyumbayo igumulidwe ndithu, pamene ophunzira a mphunzitsi mnzake Hillel ankati wakubayo alipire mtengo wa mtandawo basi, kuti anthu ofuna kubwerera asatsekeredwe njira ndi kukula kwa chimene angataye. Lamulo linatsata a Hillel. Ine ndimaona kuti mbali zonse zikugwirizana pa chinthu chimodzi chimene sindinkafuna kuchimva, chakuti nyumba yokongola siisandutsa mtanda wakuba kukhala wako.

Pamene ndinkanyamuka kupita ku Joni, malume anga anagulitsa ng'ombe yawo kuti ndipeze pasipoti, thiransipoti ndi kangachepe koyambira. Tinapangana kuti chaka chikamatha ndidzakhala nditabweza. Chaka choyamba ndalama zinkathera lendi, chachiwiri ndinayamba kuumbitsa njerwa kumudzi, chachitatu ndinagula malata, ndipo nthawi zonse ndinkadziuza kuti malume ndi kholo, sangandilonjerere. Sanandilonjereredi, ndipo anamwalira ndisanabweze, ine osapezeka ngakhale pamaliro. Nkhaniyi ndinaipempherera kambirimbiri, ndinaiulula kwa Mulungu ndi misozi yeniyeni, ndipo ndinkatuluka m'tchalitchi mtima utapepuka, buluzi uja ndikadamufumbata. Nyumba imene ndimagonamo ndikapita kumudzi inafoleredwa ndi ng'ombe ya malume.

Maimonides sanaiwale anthu onga ine. Akuti amene analakwira munthu amene wamwalira atenge anthu 10, akaime nawo pamanda ake, anene kuti ndinachimwira Mulungu wa Israeli ndi munthu uyu pomuchita chakutichakuti, ndipo ngati panali ndalama azibweze kwa olowa m'malo mwake. Ine si Myuda, ndipo kwathu kumanda salowako mwachisawawa popanda amfumu kudziwa, choncho za anthu 10 sindinazitsate. Koma gawo la ndalama silinkafuna kumasulira kulikonse, ndipo akuluakulu athu analinena kale m'mawu awiri, kuti mlandu suola. Vuto linali lakuti ndalama zimene malume anandipatsa, kwacha itagwa kangapo chigwereni, lero sizingagule ngakhale mbuzi ziwiri. Ndinalimbana nawo maganizo amenewa kwa miyezi, ndikudziwa bwino kuti chimene chinatuluka m'khola sichinali mapepala, ndipo pamapeto pake ndinapempha msuweni wanga kuti akafunse mtengo wa ng'ombe yaikazi pamsika.

Ndinapita chaka chatha nthawi yokolola. Azakhali, mkazi wa malemu malume, anandiyalira mphasa pakhonde, ana awo atatu atakhala chapafupi. Ndinayesetsa kuchita monga anachitira bambo aja, kutchula chinthucho ndi dzina lake osachizungulira. Ndinati, "Mayi, malume anagulitsa ng'ombe chifukwa cha ine, ndinalonjeza kubweza, ndipo sindinabweze ngakhale pamene ndinali nazo. Ndinamanga nyumba iwo akudwala. Ndinalakwa, ndipo ndabwera kudzapepesa." Ndinaika envulopu pamphasa. Iwo anawerenga ndalamazo kawiri, anazimanga pansonga ya chitenje, nakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana kukhola kumene tsopano kumagona nkhuku. Kenaka anati, "Amalume ako atagonekedwa kuchipatala tinasowa ya mankhwala, ndipo anatiletsa kukuimbira foni. Ndamva, mwanangu." Anaitana mdzukulu kuti andipatse madzi osamba m'manja, tinadya nsima, ndipo liwu lakuti ndakukhululukira silinatuluke.

Bambo a ku Glenhazel aja anamwalira ndisanawafotokozere zimenezi. Mu Disembala ndipitanso kwa azakhali, ndipo ndapempha kale msuweni wanga wamkulu, mkulu wa mpingo mmodzi ndi mchemwali wa mayi anga kuti adzandiperekeze.